Ndinadula satifiketi ya mwana wanga kukhala kolala

Aphungu,

Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu n'kumaseka mavuto a anzanga, kapu ya tiyi ili m'manja. Sindinkadziwa kuti tsiku lina oseka adzakhala ena, wosekedwa ine. Sekani ndithu, inenso pena ndikumaseka ndekha, koma mukatha kuseka mundithandize chifukwa ndasowa mtengo wogwira.

Ndine telala. Makina anga ali pakhonde la nyumba yathu, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi mayunifolomu a ana asukulu. Ndakhala m'banja zaka makumi atatu ndi bambo wabwino, wosamwa, wosakweza mawu, amene matenda ake ndi amodzi okha: sataya pepala. Anagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina mpaka kupuma, ndipo tsiku lopumalo ntchitoyo anabwera nayo kunyumba. Ana anawapatsa dzina loti a Ofesi. Ndinkayesa akwiya, koma mpaka lero ukawaitana choncho amavomera mokondwa.

Mutalowa kuchipinda kwathu mungayese tikusamuka mawa. Pansi pa bedi pali masutikesi atatu. Pamwamba pa wadirobu pali makatoni ofika kudenga. Kuseri kwa chitseko kuli matumba awiri, moti chitsekocho chimangotseguka theka, ndipo ine ndi thupi langali ndimalowa chammbali ngati nkhanu. Monsemo muli mapepala. Mabilu a madzi a nyumba yomwe tinasamukamo mwana wathu woyamba asanayambe kuyenda alipo. Lisiti la nsapato zomwe anavala pa ukwati wathu lilipo, ngakhale nsapatozo zinatha kalekale. Kabuku ka wailesi yomwe inafa tikadali achinyamata kalipo, kokutidwa bwinobwino ndi pulasitiki.

Izi zokha ndikanapirira. Chovuta ndi nzeru yawo ya kasungidwe ka mapepala ofunika. Amati: "Mayi, wakuba akalowa m'nyumba amathamangira fayilo. Pepala lofunika suliika pamalo ooneka ofunika." Ndiye kalata yathu ya ukwati ili mkati mwa chinachake, mapepala a malo ali mkati mwa chinachake, makadi a kuchipatala ali mkati mwa chinachake, ndipo chinachakecho amachidziwa ndi iwo okha. Ndikawafunsa kuti bwanji osalemba penapake, amagogoda pamphumi ndi chala n'kunena kuti, "Zonse zili muno."

Ndinene chilungamo, kwa zaka makumi atatu zinalidi mmenemo. Ukafuna pepala lililonse ankatsinzina pang'ono, kulowa kuchipinda, kukhoma chitseko kuti tisaone pobisira, n'kutuluka nalo akulipukuta fumbi, nkhope ili ngwee ngati amwetsa chigoli. Oyandikana nafe akakangana kuti mipope ya madzi inafika chaka chiti mumsewu mwathu, ankabwera kwa iwo kudzathetsa mkangano. Ulemu wawo wonse pamalo pano unali umenewo, ndipo inenso mumtima ndinkanyadira.

Tsopano tchimo langa. Telala aliyense amadziwa kuti pateni, chija timayala pansalu podula, imafuna pepala lolimba. Nyuzipepala imang'ambika ukangoibaya kawiri ndi pini. Koma kalendala yakale, aa, palibe choiposa: kumbuyo koyera, yosapindika wamba, choko chimayenda bwino m'mbali mwake. Ndipo pamwamba pa wadirobu panali katoni yodzaza makalendala a zaka ndi zaka, ongokhala. Ndinapempha kamodzi, anandiyankha kuti, "Kalendala ndi umboni wa masiku." Sindinapemphenso. Pateni ikandithera ndinkangodikira Loweruka, iwo akapita kokameta ndi kucheza kwa ometa, ine n'kukwera pampando n'kusolola imodzi yapansi. Ndachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi osagwidwa, ndipo theka la ana a sukulu ya pafupi nafe avala makolala oyezedwa pa umboni wa masiku.

Mzime wathu, mtsikana, wayesa katatu kulowa sukulu ya unamwino. Kawiri konse dzina lake silinatuluke, ndipo analira mpaka maso kutupa. Ulendo uno latuluka. Kalata inabwera milungu iwiri yapitayo, yonena kuti pa tsiku lolembetsa akafike ndi satifiketi yake yeniyeni ya kusekondale, osati fotokope. Tinavina pakhonde, ngakhale a Ofesi anagwedezako mapewa. Kenako anati, "Satifiketi? Mphindi ziwiri," n'kulowa kuchipinda ndi kukhoma chitseko monga mwa masiku onse.

Mphindi ziwirizo zinakhala ola lathunthu. Anatuluka thukuta lili kamukamu, manja ali bii ndi fumbi, opanda kanthu. Anati: "Ili m'kalendala ya chaka chomwe analemba mayeso, ija ya sitolo ya penti, yojambulidwa zitini zitatu. Ndinaipinda pakati, chithunzi mkati, satifiketi mkati, n'kumata m'mbali monse ndi tepi kuti mphemvu zisalowe. Ndinaiika pansi penipeni pa katoni." Katoniyo anaikhuthulira pabedi tonse tikuona. Makalendala ena analipo, ya zitini zitatu panalibe. Anayang'ana muluwo nthawi yaitali n'kunena kuti akuoneka ochepa, kapena ndi maso awo.

Mwina mukufunsa ngati ine mtima sunagunde. Unagunda, koma ndinautonthoza. Ndinadziuza kuti zitini za penti sindinazionepo, ndipo ndikanadula chinthu chokhala ndi satifiketi mkati ndikanaona. Ndiye m'malo mokhala chete ndinatsegula pakamwa, mwina kuti anthu asafunse za kuchepa kwa makalendala. Zaka makumi atatu za kulowa chammbali zinatulukira pamenepo. Ndinati, "Ndinkanena ine, zinyalala zanuzi tsiku lina zidzatimeza. Zonse zili muno, zonse zili muno, lero zili kuti?" Ndinayankhula mwana alipo, alamu anga, mlongo wawo wa bambowa, alipo. Alamuwo anawonjezera zawo, akuti, "Achimwene, ukalamba sugogoda." Bambo anangotola makalendala n'kuyamba kuwasanja.

Masiku atatu tinagwira ntchito yofufuza. Kwa nthawi yoyamba chitseko chinasiyidwa chosakhoma, ndipo tinaona zodabwitsa. Khadi la katemera la mwana wathu woyamba, amene lero ali ndi ndevu ndi ana awiri, linatuluka m'buku la nyimbo. Mapepala a malo anatuluka m'thumba lamkati la jekete yomwe siwakwananso. Makalata omwe ankandilembera tili pachibwenzi anatuluka m'bokosi la nsimbi, ndipo mzime uja anawerenga imodzi mokweza mpaka tonse kuseka misozi. Bambo ankayamba atchula kaye chinthu ndi malo ake asanatsegule, ngati akudziyesa mayeso. Chilichonse chomwe anatchula chinapezeka pamalo pake, kupatula chimodzi chomwe tinkafuna.

Tsiku lachinayi mayi wina anabweretsa nsalu ya malaya a mwana wake wa zaka khumi. Ndinatenga pateni ya kolala ya msinkhu umenewo, yomwe ndimaikonda kuposa zonse chifukwa ndi yochindikala, ndaigwiritsa ntchito zaka ziwiri osapindika. Ndikukumbukira kuti tsiku loidula ndinaona mapepala angapo ophatikizana, ndinangoyesa masamba a kalendala yomweyo, n'kumata m'mbali ndi tepi yanga ndikuyamika mwayi wanga. Tsopano tepi ija inali itayamba kumatuka. Ndinati ndiikonze, n'kukanula pang'ono. Aphungu, ndinaona chidindo chagolide chodulidwa pakati. Ndinakanula zonse. Dzina la mwana wanga linali pamenepo, litabayidwabayidwa ndi mapini, chilembo chomaliza chitadukira pomwe khosi limakhota. Moyang'anana nalo munali zitini za penti.

Ndinangoti, "Mayo!" Mayi uja anafunsa ngati ndadzibaya, ndinati eya. Atachoka ndinakhuthula thumba la mapateni n'kupeza kuti pa pepala lomwelo ndinadulaponso pateni ya thumba la malaya ndi ya lamba wa kumapeto kwa mkono. Pa pateni ya thumbayo pali nambala yake ya mayeso ndi maphunziro anayi. Masamu anakhoza bwino mwana wanga, ndatsimikiza. Zotsalira ndinasesa n'kutentha zaka ziwiri zapitazo. Zidutswa zitatuzi tsopano zili m'kabati ka makina, pansi pa mabobini a ulusi.

Papita masiku khumi chipezereni ndipo sindinauze munthu. Tsiku lolembetsa latsala milungu itatu. Mwana ndikumuopa, koma kwenikweni ndikuchita manyazi ndi bambowa. Ndidzayamba bwanji, ine amene ndinawalalatira pamaso pa mlongo wawo?

Chandikakamiza kulemba ndi ichi. Apongozi anga aamuna atakalamba mutu unawasokonekera. Anayamba n'kuiwala poika chipewa, anamaliza osadziwa ana awo. Amene anawasamalira mpaka kumapeto ndi amuna angawa, ndipo matenda amenewo amawaopa kuposa imfa. Lachiwiri masana ndinawapeza atakhala pabedi pakati pa makalendala. Anati: "Mayi, khalani pansi. Kalendala ija ndikuiona m'maso mwanga, zitini zitatu, chofiira pakati. Ndikukumbukira tepi, ndikukumbukira kuiika. Ngati ndikukumbukira chinthu chomwe sichinachitike, ndiye kuti za abambo anga zandipeza. Musandibisire, mwaonapo zina?" Ine ndinati, "Mwangotopa, bambo." Ndinatuluka n'kukalira kubafa.

Chiyambire tsiku limenelo akuyenda ndi kapepala m'thumba kolemba zoti atseke mpopi ndi kuzimitsa nsimbi, zinthu zomwe sanaiwalepo. Loweruka kwa ometa sanapite. Dzulo anandipatsa kiyi wa sutikesi, amene sanandigwiritsepo chikwatiranireni, akuti ndisunge ine poti iwo sakudzidalira. Mwana akuwauza kuti asadandaule, koma ndikumuona akuwerenga masiku pa foni.

Nzeru yomwe ndili nayo ndi iyi: ndipite mwakachetechete kumene amapereka masatifiketi, ndikapemphe ina, ndiilowetse m'kalendala ina n'kuibweza m'katoni kuti bambo aipeze okha. Iwo akondwe, mwana apite kusukulu, ine ndipulumuke. Kodi pamenepa ndingalakwe? Chinanso, zikatha izi ndikufuna kutulutsa matumba onse aja n'kuyatsa moto umodzi waukulu. Ndiuzeni mmene anthu anzeru amasungira mapepala a pakhomo, chifukwa ife awiri tayesa tatopa, wina kubisa, wina kudula.

Mayi E.M.,
Kuseri kwa msika

Mayi E.M.,

Ndaseka, sindikana. Nditafika pa masamu a pathumba ndinachita kuika kalata pansi kuti ndipukute misozi. Pa zaka zanga pa tsamba lino ndalandira makalata a mapepala odyedwa ndi chiswe, onyowa ndi mvula, ochapidwa m'thumba la buluku. Woyezera makolala a ana a eni ndinu woyamba. Koma nditafika pa bambo atakhala pabedi kufunsa ngati mwaonapo zina, kuseka kunandithera. Kalata yanu ndaidumphitsa pamzere chifukwa masiku akuthamanga, ndiye tiyambire pamenepo.

Nzeru yanu ija itayeni kutali. Choyamba, siingayende mmene mukuganizira. Pepalalo ndi la mwana wanu, ndipo maofesi otere kawirikawiri amafuna mwini wake ndi chitupa chake, osati amayi ake atavala nkhope yachisoni. Chomwe angakupatseni sichingafanane ndi choyamba, ndipo munthu amene anasunga katundu wa kampani moyo wake wonse adzaona kusiyanako asanakhale n'komwe pansi. Koma tiyerekeze kuti zatheka. Bambo apeza satifiketi m'kalendala ya chithunzi cha ng'ombe pamene iwo akukumbukira zitini zitatu. Mukuganiza kuti adzakondwa? Adzati, "Ndiye kuti ndinaiwaladi." Mudzakhala mutawasainira matenda amene alibe. Inu mudzapulumuka, iwo adzatsala akudzikayikira, ndipo mudzakhala nawo nyumba imodzi mukuona zimenezo tsiku ndi tsiku. Mayi wokalira kubafa ngati inu simungazipirire zimenezo ngakhale mwezi umodzi.

Ndiye muwauze lero, nyuzi ino musanaipinde. Mukatha, muuze mwana. Adzakwiya, ndipo ndi ufulu wake. Musamutseke pakamwa ndi mawu oti ndine mayi ako. Mulekeni apume, kenako mumuonetse zidutswazo, chifukwa nkhani yabwino ili mmenemo. Muli ndi dzina, nambala ndi theka la chidindo. Anthu ambiri amapita kokapempha pepala lina ali chimanjamanja, akungolumbira kuti linalipo. Inu muli ndi umboni wogwirika, ngakhale uli ndi maonekedwe a malaya.

Zidutswazo musazisite, musazimate ndi guluu, musayese kuzilumikiza. Luso lanu lachita kale zokwanira. Ziikeni mmene zilili mu pulasitiki yoonekera mkati, pakati pa makatoni awiri osalala, ndipo muzijambule pa foni. Mawa m'mawa mwana apite kusukulu komwe anamaliza, akafunse njira yake ndi kupempha kalata yomuchitira umboni, kuchoka apo apite ku ofesi yoona za mayeso. Tsiku lomwelo kapena lotsatira akaonekere kusukulu ya unamwino. Asadikire tsiku lolembetsa, pamene mzere uli wautali ndipo mlembi watopa. Akafotokoze zoona zake, aonetse zidutswa, afunse chomwe angalandire pamene pepala lina likukonzedwa, ndipo alembe dzina la womuyankha ndi tsiku lake. Sindikulonjezani kuti zonse zidzayenda myaa. Maofesi amasiyana, ena amachedwa. Koma ndi milungu yomwe yatsalayi munthu akhoza kugwira ntchito, pamene atatsala masiku atatu amangolira. Pa maulendo amenewa apite ndi bambo ake. Munthu wa mapepala amadziwa kulankhula ndi anthu a mapepala, ndipo bambowa akufunika ntchito yowabwezera mtima m'malo.

Tsopano za moto wanu waukulu. Machesi abwezeni kukhitchini. M'nyumba mwanu pepala lililonse looneka lachabe likhoza kukhala litameza linzake. Mukayatsa matumba aja mungatenthe kalata ya ukwati wanu ili mkati mwa kabuku ka wailesi, n'kudzandilemberanso. Pasatuluke kanthu m'chipindamo kasanatsegulidwe tsamba ndi tsamba, thumba ndi thumba.

Za mwana zikakhala pansi, sankhani Loweruka, mutulutse sutikesi imodzi yokha n'kuika pathebulo kunja kukuwala. Imodzi, osati zonse, mungagone pabalaza mwezi wathunthu. Wapampando akhale a Ofesi, inu wothandiza, sizasi muisiye pakhonde. Pepala lililonse mulifunse funso limodzi: litasowa mawa, tingavutike bwanji? Oti angakuyendetseni m'maofesi, monga a kubadwa, a ukwati, a sukulu, a malo, a penshoni ya bambo ndi a kuchipatala, ndi ochepa kwambiri. Mudzadabwa kuona onse akukwana m'fayilo imodzi ya timatumba tapulasitiki, munthu aliyense ndi gawo lake. Fayiloyo ilowe m'bokosi lachitsulo lotsekeka, ndipo bokosilo likhale pamwamba, kutali ndi chinyezi cha pansi ndi podontha denga. Ana amene akula atenge mapepala awo, inu musunge mafotokope. Mzimeyo akadzalandira lake, aliike m'sutikesi yake yopita nayo kusukulu.

Bambowo muwauze mwaulemu kuti nzeru yawo ya wakuba ili ndi bowo. Wakuba sawerenga. Akalowa amanyamula sutikesi, jekete ndi wailesi, ndipo mapepala a malo ali m'thumba la jekete amapita nawo osadziwa n'kukawataya m'ngalande. Adani enieni a pepala la pakhomo ndi madzi, moto, chiswe, makoswe, ndi munthu wa m'nyumba momwemo amene sanauzidwe. Womalizayu mukumudziwa.

Choncho malo a bokosi adziwe anthu awiri, kapena atatu pamodzi ndi mwana mmodzi wodalirika. Mkati mwa chivundikiro mumate pepala lolemba zomwe zilimo, ndipo wotulutsa kanthu azilemba tsiku ndi komwe wapita nako. Ntchito imeneyi bambo adzaikonda, ndi yomwe ankagwira ku kampani. Muwauze kuti kulemba si kunyoza mutu wawo. Ngakhale kuntchito kuja, ndikhulupirira, katundu ankamudziwa pamtima koma ankalembabe m'buku, kuti tsiku lomwe agona ndi chimfine anzawo asagwire njakata. Pepala lililonse la m'bokosi lijambulidwe pa mafoni awiri, ndipo mafotokope ena akasungidwe kwa m'bale amene sakhala nanu nyumba imodzi.

Mabilu a madzi ndi magetsi, malisiti a sukulu ndi ena otero ndi mapepala oyendayenda. Safuna bokosi, amafuna pofikira. Apa ndiye luso lanu ligwire ntchito yabwino. Sokani nsalu yopachika kukhoma ya matumba asanu kapena asanu ndi limodzi, thumba lililonse ndi dzina lake. Pepala likalowa m'nyumba lipite m'thumba mwake tsiku lomwelo, lisayambe lagona kaye pansi pa chitini cha shuga. Bilu ikalipiridwa, lisiti lake liphatikizidwe nayo. Chaka chikatha mukhuthule matumba onse, mumange mtolo umodzi, bambo alembe chaka pamwamba. Pa zinthu wamba mitolo ya zaka ziwiri kapena zitatu ndi yokwana, koma za malo, za msonkho ndi za penshoni musataye musanafunse ku ofesi yake. Lisiti la katundu likhale malinga katunduyo ali moyo. Wailesi ikafa, kabuku kake kaiperekeze.

Koma musalimbane nawo pa lisiti la nsapato za ukwati, kapena makalata a pachibwenzi aja. Amenewo si mabilu, ndipo akazi ambiri amene amandilembera angavine atakhala ndi mwamuna wosunga zoterozo. Asiyireni sutikesi imodzi ya zokumbukira zawo, asankhe okha, inu osaponyamo mawu. Zotsala zokhala ndi maina ndi manambala anu zing'ambidwe kapena zitenthedwe, zisakakulungire zinthu kumsika. Makalendala akatha kutsegulidwa imodziimodzi, muwapemphe poyera ngati munthu wamkulu. Ndikuganiza kuti ulendo uno adzakupatsani, mwina atakusainitsani kaye.

Chenjezo langa lili pa kauzidwe kake, chifukwa ndikuona mayesero awiri akukudikirani. Limodzi ndi logawana mlandu: "Nanunso bwanji munabisa m'kalendala?" Funso limenelo ndi loona, koma si la lero, lisungireni Loweruka la pathebulo. Lero mlandu ndi wanu. Munatenga mobisa, munadula osatsegula, munalalata, ndipo mwakhala chete munthu akudziyesa wodwala. Chomalizachi ndicho chidzawapweteke kwambiri, ndiye musachilumphe pofotokoza. Popeza munawalalatira pamaso pa alamu anu ndi mwana, muwayeretsenso pamaso pa anthu omwewo, chifukwa alamuwo akadali kuganiza kuti achimwene awo ayamba kuiwala. Ngati patapita nthawi bambo akadali ndi nkhawa, aperekezeni kuchipatala akafunse, palibe choipa pamenepo. Koma apite akudziwa zoona.

Yesero linalo ndi loyamba ndi misozi ndi kupepesa kwakutalikutali, mpaka bambo ayambe kutonthoza inu asanamve n'komwe nkhani. Ayi, mayi. Kupepesa kudzabwera, ndipo kudzafunika kwambiri. Koma munthu ameneyu akudzuka ndi mantha tsiku lililonse, ndipo mankhwala ake ali pakamwa panu. Akhazikeni pansi, muwayang'ane m'maso, ndipo mawu anu oyamba akhale awa: "Bambo, mutu wanu uli bwino. Munaika pomwe mukukumbukira. Anachotsa ndine."

Aphungu